Funso limene nesi anandifunsa ku kiliniki

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupereka moni kwa nonse amene mukuwerenga. Ine ndine mayi wa ku Kamitondo kuno ku Kitwe, kalaliki pa kampani ina yogulitsa zipangizo za m'migodi. Ndikufuna kukuuzani za nthawi imene mwana wanga anamwalira, inenso n'kutsala pang'ono kudzipha. Nkhani zotere sitizikamba kumpingo, koma ine ndizikamba poti Mulungu wandisunga.

Mwanayo anali woyamba, wamwamuna, ndipo anakhala masiku atatu okha. Tinamuika m'mawa, anthu ochepa. Pofika masana azimayi anali atatsuka kale mbale, ndipo aliyense potsazika ankati, "Mukadali wamng'ono, Mulungu adzakupatsani wina." Ndinkangoti zikomo.

Sindinalire. Anthu ankanditama kuti ndine wolimba pa chikhulupiriro, pamene ine sindinkamva chilichonse. Chakudya chinkangodutsa pakhosi. Kuntchito ndinkakhala pa kompyuta mpaka seventini awazi, faivi koloko madzulo, manja akugwira okha. Lamlungu ndinkavala yunifomu ya kwaya n'kumayasamula pakamwa pamodzi ndi anzanga, mawu osatuluka. Mwamuna wanga amagwira pansi pa mgodi ku Mindolo. Akandifunsa kuti ndaswera bwanji, ndinkati bwino, iye n'kukagona. Nayenso anali ndi chisoni chake.

Maganizo odzipha sanabwere ndi phokoso. Ankangofika phee, monga mmene munthu amakumbukira kuti sanasese pakhomo. Ndinayamba kugawa zitenje zanga, olandira n'kumathokoza osafunsa chifukwa. Bambo anga ndi mkulu wa mpingo, ndipo ndinakula ndikumva kuti wodzipha saimbiridwa nyimbo pamaliro, choncho sindinauze munthu. Pemphero langa linatsala la mawu ochepa: "Ambuye, ngati mukundiona, ndili pano." Ndinkalinena osayembekezera yankho.

Kiliniki ndinapitako chifukwa cha mutu umene sunkasiya kuwawa. Nesi anali mayi wachikulire. Anayamba kundilankhula m'Chibemba, koma ataona dzina pa khadi anasintha n'kulankhula chinenero chathu. Atandiyeza, anatulutsa pepala n'kundiuza kuti masiku ano amafunsa mafunso ena mayi aliyense amene wabereka kapena kutaya mwana. Anafunsa za tulo, za kudya, ndiponso ngati pali chimene chimandisangalatsa. Kenako anandiyang'ana.

"Mayi, kodi maganizo odzipha amakufikirani?"

"Eya," ndinatero, ngati ndikuyankha za mutu uja.

Sanadzidzimuke, sanandidzudzule. Anaika bolopeni pansi, n'kutseka chitseko ngakhale kuti panja panali mzere wautali.

"Mwachita bwino kundiuza. Amenewa ndi matenda, ndipo tili nacho chithandizo chake. Lero simubwerera nokha kunyumba. Tiitane ndani?"

Tinaitana mwamuna wanga. Nesi atamufotokozera, anagwira kumaso n'kuyamba kulira, ine ndikungomuyang'ana ngati munthu wachilendo mu minibasi. Tsiku lomwelo anandionetsa kwa mlangizi, ndinapatsidwa mankhwala, ndipo mwamuna wanga anauzidwa zinthu zoopsa zoti achotse m'nyumba. Anandipatsanso bana Mwila, mayi wa m'dera lathu amene amathandiza a zaumoyo mongodzipereka, kuti azindiyendera.

Ndisakunamizeni kuti ndinachira sabata yomweyo. Bana Mwila ankabwera kawiri pa sabata, ine n'kumawalandira ndi nkhope youma. Iwo ankangokhala nane pakhonde, nthawi zina kusadzula ndiwo zanga zamasamba, osandikakamiza kulankhula. Patapita miyezi iwiri ananditengera ku gulu limene limakumana Lachinayi kuseri kwa kiliniki. Kunali dalaivala wa minibasi, bambo wina amene anachotsedwa ntchito ku mgodi, ndi azimayi angapo. Maulendo atatu oyamba ndinkangomvetsera.

Ulendo wachinayi ndinanena mwachidule kuti ndinataya khanda. Mayi wina amene anakhala pafupi nane anandifunsa, "Dzina lake anali ndani?"

Chimwalirire mwanayo panalibe amene anafunsapo. Ndinati, "Yamikani." Nditangolitchula, ndinalira kulira kumene kunandikanika kumanda. Palibe anandiletsa. Dalaivala uja anangodzuka n'kukanditungira madzi akumwa.

Pambuyo pake ndinalimba mtima n'kuwauza bambo anga zonse. Anayang'ana pansi, kenako anati, "Mwana wanga, ine ndinali kuti?" Mwezi wotsatira anapempha akulu anzawo kuti a zaumoyo abwere adzalankhule ndi mpingo mapemphero akatha. Ena sanakondwe nazo, koma nesi uja anabwera. Atamaliza, ndinaona abambo awiri akumudikirira pa geti, aliyense ataima payekha.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lopanda mphamvu lija. Sananditumizire moto kapena mawu ochokera kumwamba, anandiyankha kudzera mwa nesi wotopa amene anali ndi pepala la mafunso. Ndikuthokozanso mwamuna wanga, amene tsopano timakhala pansi n'kumakamba za Yamikani.

Inu amene mukungoyenda koma m'kati muli zii, musadikire kuti wina azindikire yekha. Pitani ku kiliniki, kapena uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, ndipo nenani mmene zilili. Pemphero musalisiye, mankhwala ndi uphungu musazinyoze. Inunso amene muli ndi m'bale wongoti "ndili bwino" tsiku ndi tsiku, mufunseni mosabisa mawu.

Mpaka lero alipo masiku amene ndimadzuka osamva kanthu. Likafika tsiku lotero sindibisanso. Ndimaimbira bana Mwila n'kunena kuti, "Lero zabweranso." Iwo amati, "Tsegulani geti, mayi, ndikubwera."