Raketi Yamphamvu ndi Nkhongo ya Alamu

A Mphenzi, dzina lomwe anadzipatsa okha, analowa m'sitolo ya zamasewera akukoka alamu awo kuti akasankhe raketi ya padel. Masewerawa amafuna anthu awiri mbali iliyonse ya neti, ndipo kukalabu konse amene anatsala wovomera kuima mbali imodzi ndi a Mphenzi anali alamu omwewa, munthu woti ukamufunsa kuti wadzuka bwanji amakuuzadi mwendo umene anayamba kutsitsa pabedi.

"Iyi!" anatero a Mphenzi, akutsomphola raketi yakuda pakhoma. "Taonani, alamu. Yolemera kumutu, yolimba gwa! Ukamenya ndi iyi mpira umachita kulira."

"Umalira ukagunda chiyani?"

"Chilichonse!"

"Eya, n'zimene ndikuopa." Alamu anasisita nkhongo yawo, kenaka n'kuwerama kuwerenga kapepala kolendewera pachigwiriro. "Apa alemba kuti ndi ya akatswiri."

"Mwaonatu! Akundidziwa."

"Sanalembe dzina."

"Aaa, katswiri sachita kumulemba, amaoneka. Ndani amamenya mwamphamvu kuposa ine kukalabu kuja?"

"Palibe."

"Basitu!"

"Ngakhale adotolo a mano, osewera anzathu kukalabu kuja, anavomereza. Tsiku lija ndinatembenuka kuti ndione chimene mukuchedwa nacho, anandifunsa ngati munandigenda ndi njerwa."

"Amenewo musawatchule!" A Mphenzi analoza kudenga ndi raketi. "Amandiseka. Loweruka pampikisano ndikawaonetsa mbonaona. Ndikawaphulitsira mpira pakati pa miyendo!"

"Miyendo ya ndani?"

"Yawo!"

"Ndafunsa dala, chifukwa ine ndimaima patsogolo panu."

Alamu anatenga raketi ina yozungulira, yopepuka, n'kuipereka ndi manja awiri ngati akupereka madzi kwa mlendo.

"Iyi akuti mpira umapita kumene munthu walozetsa."

"Imeneyo ndi ya odwala nyamakazi! Ine sindilozetsa, alamu, ndimaswa."

"Mukamamenya mumatsinzina."

"Ndimakhala ndikusonkhanitsa mphamvu."

"Zimasonkhanadi. Ndimazimva."

Alamu anachoka osatsanzika, n'kukhotera kumene kunali njinga. Anabwerako atavala chisoti, lamba atamanga mpaka kukhosi.

"Ndiye chiyaninso chimenecho?"

"Ndikuyesa saizi. Inu yesani yanuyo."

"Mukufuna kundichititsa manyazi pagulu eti? Chabwino, penyani!"

A Mphenzi anatambasula miyendo, anakweza raketi, anatsinzina. Phwaa! Chidole chovekedwa malaya a masewera, chomwe chinangodziimira phee pambali pawo, chinagwa chafufumimba, mutu wake n'kugubuduka mpaka pakhomo. Wogulitsa anasuzumira, anaona chisoti cha alamu, n'kubwerera kuseri kwa kauntala.

"Mwaiona mphamvu?" anafunsa a Mphenzi, akupumira m'mwamba.

"Ndaiona. Nachonso chinali mbali yanu."

"Chinaima malo olakwika."

"Malo olondola ndi ati?"

"Kumene kulibe mpira!"

Alamu anaganiza nthawi yaitali, monga amachitira akauzidwa zinthu zofunika. Kenaka anaika raketi yozungulira ija pakauntala.

"Alamu, mlongo wanga anandipempha kuti ndizisewera nanu, ine ndinavomera. Koma sananene kuti mpaka mano athe. Sankhani: iyi pamodzi ndi ine, kapena iyo."

Apa a Mphenzi anachitadi mantha, zosabisa. Popanda alamuwa panalibe mpikisano, panalibenso wina aliyense woti n'kumugogodera. Anayang'ana munthu amene anawapirira nthawi yonseyi, ndipo chisoni chinawagwira. Kenaka anayang'ana raketi yakuda ija, mmene inkanyezimira. Koma aliyense amawadziwa a Mphenzi: chisoni chawo sichichedwa kuphwa.

"Simungandisiye inu," anatero, akuikumbatira pachifuwa. "Ndinu wachibale. Ndikutenga iyi."

"Mwatsimikiza?"

"Ndatsimikiza!"

"Palibe ina yamphamvu kuposa imeneyo?"

"Iyi ndiye mapeto."

"Gulani, alamu. Gulani ndithu." Anamasula lamba, anavula chisoti, n'kukachibwezera pamalo pake bwinobwino.

A Mphenzi anamwetulira mpaka m'makutu. "Ehee! Tsopano mwayamba kundikhulupirira. Mpaka kuvula chisoti!"

"Sichifunikanso. Adotolo a mano alibe mnzawo Loweruka, anandipempha akundisoka nkhama."

"Mukasewere ndi mdani wanga? Alamu, ndikakuphulitsani! Mukaima kutsogolo kwa raketi imeneyi?"

"Ndikaima tsidya lina la neti. Mwanena nokha kuti ndiziima kumene kulibe mpira. Chiyambire kusewera nanu, wanu sunafikeko kumeneko."