Mapepala Atatu a Bambo Boazi Shawa

Malemu anabadwa pa 9 Marichi 1913 ku Madzimoyo, m'banja la a Matiyasi Shawa ndi amayi Ketilina. Iwo anali achisamba, ndipo ine Lemmy, amene ndaima pamaso panu, ndine mng'ono wawo wopondana nawo.

Sukulu anayambira kumudzi konko, nakatsirizira Sitandade 6 ku Tamanda mu 1931. Mu 1938 analowa ntchito pachipatala kuno ku Fort Jameson, m'chipinda choyezera magazi. Anali munthu wosachedwa ku ntchito ndi wosafulumira kulankhula.

Mu 1941 anamanga banja ndi amayi Olipa Sakala. Mulungu anawapatsa ana asanu ndi mmodzi, koma atatu anatisiya ali aang'ono. Onse njira yake inali imodzi: manja ndi mapazi kutupa, maso chikasu, magazi kutha. Apa, anamfedwa, sindibisa mawu. Ife akuchimuna tinaloza chala alamu athu kuti ndiwo akudya ana. Amene anatsogolera ulendo wa kwa woombeza ndine, ndipo tinafunitsitsa kuti abwerere kwawo. Achimwene anakana kwamtuwagalu, koma umboni analibe.

Mu 1957 dokotala wina anabwera ndi kabokosi koyezera magazi ndi magetsi, ndipo woyamba kukadziwa anali malemuwa. Ankadontheza magazi papepala lonyowa, magetsi n'kumakoka mapuloteni a m'magazimo, ena mofulumira, ena mozengereza, mpaka atasiya mizere. Odwala ankati a Shawa amawerenga magazi ngati kalata.

Pa Khirisimasi ya 1958 anatisonkhanitsa ku Madzimoyo natulutsa mapepala awiri, la magazi awo ndi la akazi awo. Mizere inali yofanana ndendende, ndipo pepala lililonse linali ndi mzere umodzi wolakwika! Anatifotokozera kuti mwana akatengera mzere wolakwikawo kwa bambo ndi kwa mayi omwe, amadwala matenda aja. Anawonjezera kuti ngati pakhomo pawo pali mfiti ndiye zilipo ziwiri, ndipo imodzi ndi mwana wa a Matiyasi. Nkhani yothamangitsa alamu inathera pomwepo, koma kupepesa sitinapepese.

Mu Januwale chaka chino anayamba kudandaula msana, kenaka mafupa onse. Anadziyeza okha, napeza mzere umodzi wokhuthala pamene sipayenera kukhala wotere. Dokotala anatsimikiza kuti ndi khansa ya m'mafupa. Ha, kulimba mtima kwake! Anagwirabe ntchito mpaka Juni, akuphunzitsa anzawo kayezedwe kaja atakhala pampando.

Ife abale awo, malemuwa ankatidziwa bwino. Anadziwa kuti akangotseka maso, zala zija zidzalozanso kumene zinazolowera. Choncho mu Seputembala anandiitana kunyumba kwawo ku Kapata, nandipatsa pepala lachitatu, la matenda awo, kuti ndidzalikweze pamaliro anthu onse akuona. Anasankha ine dala, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa. Anatisiya pa 14 Okutobala 1962.

Pepalalo ndi ili. Amene akufuna kudziwa chatenga achimwene abwere adzaone mzerewu. Kwa woombeza sikupita munthu. Alamu, inu amayi Olipa, munda wa ku Madzimoyo ndi ng'ombe zili m'manja mwanu ndi ana, ndipo palibe adzakusuntheni. Munalira ana atatu ife tikukunenani, lero mukulira amuna anu. Ndachedwa zaka zambiri, koma ndikunena pamaso pa bokosi ili: tinakulakwirani, mutikhululukire.

Malemu asiya mkazi ndi ana atatu, Edita, Paison ndi Tereza, komanso ife ang'ono awo awiri. Tikuthokoza abusa ndi mpingo, amayi a Chigwirizano, adzukulu okumba manda, ndi anzawo a kuchipatala amene anawasamalira mpaka tsiku lomaliza.

Achimwene, zimene munandituma ndachita. Mzimu wanu uuse mumtendere.