Pepala lakale silitayidwa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndine Yotamu, wocheka matabwa ku Phiri la Dedza. Ndikufuna ndikuuzeni momwe ndinachotsedwera pa banja langa chifukwa cha mawu omwe sindinalembe, ndi momwe Mulungu anandibwezera kwa mkazi wanga ndi mwana wanga.

Zinali zaka zoyambirira za matipate, pakamwa pa anthu patangotseguka. Aphunzitsi ndi anthu ena a ku Linthipe anayambitsa gulu lolemba buku la zakwathu: mitengo, mitsinje, mbewu, miyambo. Aliyense ankaloledwa kulemba tsamba, ndipo wina aliyense ankatha kulikonza. Ine, munthu wolekeza sitandade faifi, ndinapita ndi mtima wodumpha.

Anandilandira mayi Naphiri, mayi wachikulire amene ankataipa masambawo ndi kusunga mafayilo. Anandikhazika pansi n'kundiwerengera malamulo a alendo. Lembani zimene anthu awiri angazichitire umboni. Lembani ndi kaboni kuti pepala likhale pawiri. Wokonza tsamba la mnzake alembe ndi cholembera chofiira ndipo asayine kumbuyo. Pepala lakale silitayidwa. Kunena zoona ndinanyansidwa nazo.

"Amayi, ine ndabwera kudzalemba, osati kudzalowa usilikali," ndinatero.

"Lembani pawiri basi, bambo. Safunsa anadya phula," anandiyankha osakweza maso.

Ndinalemba za Gule Wamkulu, chifukwa ndinalowa kudambwe ndili mnyamata, ndisanabatizidwe. Ndinalemba zokhazo zimene aliyense amaona pabwalo: ng'oma, nyimbo za amayi, ulemu wa pamaliro. Za kudambwe sindinakhudze, poti lumbiro ndi lumbiro ngakhale utalowa mpingo.

Wamkulu wa gululo anali mphunzitsi wina, a Gwedeza. Ataona tsamba langa anati ndi lozizira, lilibe mchere. Anatenga cholembera chofiira n'kuwonjezera zinsinsi zimene anatola kwa munthu wina woledzera. Mayi Naphiri sankadziwa kulemera kwa mawuwo. Anangowasayinitsa a Gwedeza kumbuyo, n'kutaipa, kenaka n'kupita ku Lilongwe kukadwazika mwana wawo. Tsambalo linakhomedwa pakhoma la sukulu monga mwa mwambo wa gulu, kuti odutsa aliwerenge. Pansi pake panali dzina la woyamba kulemba, dzina langa.

Ine ndinali mkamwini kumudzi kwa mkazi wanga Esinati, kufupi ndi Chongoni. Nkhani inandipitirira kufika kumeneko. Pobwera kuchokera kuphiri ndinapeza sowo yanga ndi zovala zili panjira, mvula ikuzinyowetsa. Mbatatesi yanga yonse anali atazula isanakhwime, n'kuisiya padzuwa kuti ndiione. Atsibweni a mkazi wanga, eni mbumba, anandiuza mawu ochepa.

"Munabwera ndi sowo, tengani sowo yanu. Ana ndi athu."

Ndinalumbira kuti si ine, koma ndani akanandimvera dzina lili pakhoma? Esinati abale ake anamutsekera m'nyumba. Mwana wanga Rute, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anamuuza kuti akandipatsa moni adwala. Ndinakumana naye pachitsime tsiku lina, iye anaphimba nkhope ndi ndowa n'kuthawa. Abale, palibe chinandipweteka ngati chimenecho.

Ndinapita kwa a Gwedeza kukawagwira mwendo kuti akanene zoona. Anandisiya nditaima padzuwa mpaka ana anaweruka. Potuluka anandiseka pamaso pa anzawo.

"Dzina lili pamenepo ndi la ndani? Inu a sitandade faifi mumafuna kutchuka, ndiye mwatchukatu."

Kumpingo nakonso anthu anayamba kundisiyira benchi yonse. Ena ankati ndabwerera kuchikunja, ena ankati ndine kazitape. Ndinakakhala mumsasa wa ocheka matabwa m'nkhalango ya paini, mphepo ya Dedza ikundilowa m'mafupa. Sindibisa, ndinamuda Mulungu masiku amenewo. Pemphero langa linatsala limodzi lokha, lopanda ulemu: Ambuye, ngati mumaona, onetsani.

Patatha masabata atatu ndinaona munthu akukwera phiri pang'onopang'ono, atatsamira ndodo. Anali mayi Naphiri, fayilo ili m'chitenje kumsana ngati mwana. Anali atangobwera dzulo lake n'kumva zonse.

"Nyamukani, tiyeni kwa apongozi anu," anatero ali wefuwefu.

Anayala mapepala atatu pamphasa pamaso pa atsibweni. Loyamba linali la kaboni, dzanja langa lokhalokha, lopanda chinsinsi chilichonse. Lachiwiri linali lomwelo koma lodzaza ndi zofiira. Analitembenuza, ndipo kumbuyo kunali dzina la a Gwedeza, lolembedwa ndi dzanja lawo lokongola lija. Lachitatu linali lija la pakhoma. Atsibweni anawerenga ndi chala mzere ndi mzere, nthawi yaitali. Kenaka anatuma munthu kukamutsegulira Esinati chitseko.

Sanapepese, ndipo mbatatesi sinabwerere m'nthaka. Chaka chimenecho tinadya movutika. A Gwedeza gulu linawachotsa, tsamba linabwezedwa momwe ndinalilembera, ndipo zofiira zija anazipereka kwa akuluakulu a mudzi. Koma Rute anatuluka, anagwada, n'kundigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

Ndikuthokoza Mulungu amene anabisa chipulumutso changa m'lamulo lomwe ndinalinyoza. Inu amene mukusenza mlandu wosakhala wanu, musataye mtima, pakuti choona chili ndi pomwe chasungidwa. Mayi Naphiri anatisiya, ndipo alendo m'gulu lija ndinayamba kuwalandira ndine. Akayamba kuwiringula ndi malamulo sindikangana nawo. Ndimangowapatsa kaboni n'kuwauza kuti alembe pawiri.