Listi Ndinalemba Ndine

Aleluya, mpingo wa Mulungu! Ndati aleluya! Kumbuyo uko sindikukumvani, kapena mphepo ya m'mawa yakugwirani pakhosi?

Ndikupatsani moni nonse m'dzina la Ambuye. Ba Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Azimayi, azibambo, achinyamata, muli bwanji? Ine ndine Peter Zulu, wa konkuno ku Nangongwe. Achinyamata mundikhululukire, Chinyanja changa ndi cha ku Katete, chinakana kuchoka pa lilime. Pamene simunamve, funsani mudala amene mwakhala naye pafupi.

Umboni wanga ndi wa bola. Ee, Ba Abusa, ndaona mwandiyang'ana. Ndikudziwa mumatidzudzula kuti pa Sondo thupi limakhala muno, mtima uli ku England. Ndi zoona, sitikana. Koma ine Mulungu anandidikira ku tchalitchi, ine osabwera. Anandidikira, ine osabwera. Mpaka ananditsata ku bola komweko.

Abale, ndinabwera mu Kafue ndili mnyamata, pa basi imodzi ndi mnzanga James Tembo. Mudzi umodzi, sukulu imodzi, ndipo chaka choyamba tinkafunda bulangete limodzi. Kumudzi iye anali Mabvuto, ine ndinali Ganizani. Titafika m'tauni, mayina amenewo tinawapinda n'kuwaika pansi pa sutikesi. Pa khadi la nchito iye anali James, ine Peter. Mu Kafue monse panalibe wodziwa dzina la Mabvuto, kupatula ine. Gwirani bwino pamenepo, tibwererapo.

Tinalowa nchito pa fakitale imodzi. Zinthu zinali bwino. Nyumba ya kampani, nshima katatu pa tsiku, ana ku sukulu ndi nsapato. Patapita zaka ine anandikweza, ndinakhala kapitao wa gawo lathu. Tembo anasangalala kuposa ine. Anapha nkhuku yake, osati yanga.

Kenako inafika nthawi ija makampani anayamba kugulitsidwa. Akuluakulu mukuikumbuka. M'mashopu munadzaza katundu, salaula, zovala zakale za kunja zija, paliponse, koma m'mafakitale makina anayamba kuzima amodziamodzi. Tsiku lina bwana anandiitana ku ofesi. Anandipatsa pepala loyera, n'kundiuza kuti pofika Lachisanu akufuna mayina asanu ndi awiri a anthu oti achoke. Anati ndikalephera adzalemba okha, ndipo adzayambira pa kapitao.

Mayina asanu ndi limodzi ndinalemba. Mulungu andikhululukire, ndinalemba. Linatsala limodzi. Ndikayang'ana uyu, ndi wachibale wa bwana. Ndikayang'ana uyo, ndi wankhonya, angandithyole mano. Ndiye mtima unandinong'oneza kuti, lemba mnzako, mnzako adzakumvetsa. Abale, ndinasankha munthu amene ndinadziwa kuti sangandimenye. Dzanja linalemba mwamsangamsanga, ndipo sindinafune n'komwe kuwerenganso. Ndinapinda pepala n'kukalisiya kwa kalaliki.

Lolemba m'mawa listi inali pa bolodi la pa geti, yotayipidwa bwino. Tembo anaima nthawi yaitali akuiwerenga. Atabwera kwa ine, ndinayamba kulankhula iye asanafunse. Ndinati listi yachokera kumwamba, ine sanandifunse, nanenso ndaiona lero lomwe. Anandiyang'ana, n'kungoti, "Chabwino." Anatenga kachitini kake ka chakudya n'kutuluka pa geti.

Ndinkati ndapulumuka. Ndinapulumuka miyezi isanu chabe! Listi ina inabwera, ndipo dzina langa linali pamwamba penipeni. Palibe anandiitana ku ofesi. Ndinalipeza pa bolodi lomwe lija, monga wina aliyense.

Abale ndi alongo, njala ya m'tauni ndi yoipa, chifukwa ilibe munda wothawirako. Nyumba ya kampani tinatulukamo. Nshima ya katatu inasanduka ya kamodzi. Mkazi wanga, amake Chisomo, anayamba kugulitsa vitumbuwa pa siteshoni ya mabasi. Ine kapitao ndinkavala nsapato za nchito m'mawa, n'kupita kukakhala pafupi ndi njanji, kuti aneba aziti mudala ali ndi kopita.

Manje mverani chimene chinandipha. Sinali njala ayi. Tembo anapeza kadimba ku Shimabala. Anavutika, mwana wake wamkulu analeka sukulu, mkazi wake anakhala kumudzi zaka ziwiri. Koma Loweruka lililonse njinga yake inkaima pakhomo panga. Repu, tomato, nthawi zina chimanga. Ankangoti, "Va bana," ndiye kuti za ana, n'kupatsa amake Chisomo. Loweruka lililonse! Ana akudya mokondwa, mkazi wanga akumudalitsa, ine ndiwo zomwezo zikundiima pakhosi. Ndinaonda. Ku kiliniki anandipima, sanapeze kanthu. Ndinkakalipira mkazi wanga popanda chifukwa. Tsiku lina masana ndinakhala pa njanji paja ndikuganiza zinthu zimene sindinganene pamaso pa ana. Ndinkaopa chinthu chimodzi: Tembo akadzadziwa, ndidzataya mnzanga yekhayo amene ndinatsala naye.

Malo amodzi okha ndi amene ndinkapumako, kwa Ba Mulenga. Ba Mulenga ndi Mubemba wa shopu uja anali woyamba kuika dishi ya TV kuno kwathu. Kuseri kwa shopu anamanga holo, n'kuikamo mabenchi ndi TV imodzi, ndipo ife amuna opanda nchito tinkadzaza mmenemo kuonera bola ya ku England. Poti Mubemba ndi ife a kum'mawa ndi chimbuya, ubale wonyozana mwanthabwala, munthu ukangolowa ankayamba: "Shani, ba kudya mbeba? Mwasiya kuti makasu?" Ife n'kumubwezera za anyani amene amadya kwawo. Ine ndi Tembo timu yathu inali imodzi, benchi yathu imodzi.

Mumadziwa mmene zimakhalira sizoni ikamatha. Munthu amene sangathe kuthamanga kuchoka pano kufika pa mseu amasanduka katswiri. Uyu atenga chikho, uyo atsika ligi, kochi uyu amuchotsa, uyo wagula anthu olakwika. Timu ikaluza kamodzi, holo yonse, "Kochi achoke!" Koma ine ayi. Ine ndinkaikira kumbuyo kochi aliyense, ngakhale wa timu ya adani. Ndinkati kochi ndi wanchito chabe, olakwa ndi eni timu, zonse zimachokera kumwamba. Mpaka Ba Mulenga anandipatsa dzina loti Loya. Amake Chisomo anandifunsa tsiku lina kuti mzungu amene sadziwa n'komwe kuti Kafue ili kuti, ndimamuferanji chonchi? Sindinkateteza mzungu, abale. Ndinkateteza Peter Zulu.

Ndiye linafika Sondo lomaliza la sizoni. Tsiku limenelo magemu onse amayamba nthawi imodzi, madzulo dzuwa likadalipo. Timu yathu inkafunika kuwina kuti itenge chikho. Holo inadzaza, ena pa mawindo, Ba Mulenga atagwira wailesi kukhutu kuti azitiuza za gemu ya amene tinkalimbana nawo. Mayina a osewera atatuluka pa TV, anthu anabuula. Kaputeni wathu, mudala amene anasewera timu imeneyo kuyambira ali mwana, panalibe. Ngakhale pa benchi panalibe. Kamera inamupeza atakhala pakati pa oonera, atavala jekete, manja atapinda.

Gemu inatha opanda chigoli. Chikho chinapita kwa ena.

Phokoso linabuka. Wina akuti kochi achoke lero lomwe, wina akuti amupatse sizoni ina. Ba Mulenga anamenya patebulo n'kunena kuti timve kwa Loya. Ine ndinaimirira monga mwa masiku onse. Ndinati eni timu akufuna kugulitsa madala onse, kochi anangouzidwa, akanakana akanachotsedwa iyeyo. Ndinalankhula bwino, ena mpaka anaomba m'manja.

Tembo sankakonda makani a bola. Ankangoonera, n'kukwera njinga yake. Koma tsiku limenelo analankhula, osakweza mawu, maso ali pa TV.

"Ba Zulu, bene ba timu bapasa chabe pepala. Manje bolopeni inkhala m'manja mwa ndani?"

Holo inaseka, ena anati wagoletsa mudala. Iwo ankamva za bola. Ine ndinamva za listi ija. Abale, ndamva maulaliki ambiri kuchokera tsiku limenelo, koma palibe unandilasa ngati funso limenelo. Mumtima ndinamva mawu omveka bwino akuti, Ganizani, wanama mokwanira. Palibe ankanditcha Ganizani mu Kafue. Ndinadziwa kuti ndi Mulungu.

Tembo anatuluka, ine pambuyo. Ndinamupeza akumasula njinga pa mtengo. Ndinagwira handulo kuti asapite. Ndiye ndinanena.

"Mabvuto, listi ija ndinalemba ndine. Sinachokere kumwamba. Dzina lako ndinalemba ndi dzanja ili."

Ndinkadikira khofi. Ndinkadikira kuti andilavulire. Iye anangopumira m'mwamba.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero. "Pa bolodi panalembedwa J. Mabvuto Tembo. Ku ofesi anamudziwira kuti Mabvuto?"

Mayo ine! Dzanja langa linalemba dzina limene mtima unazolowera, kalaliki n'kutayipa momwemo. Zaka zonsezo ndinkabisa chinthu chimene chinapachikidwa pa geti, mwini wake atachiwerenga ndi maso ake. Ndinamufunsa, misozi ikutsika, kuti nanga repu uja, tomato uja, Loweruka lililonse, ankabweretseranji?

"Ana ako sanalembe listi," anatero. "Koma iwe ndinkakudikira. Wachedwa, Ganizani."

Anachotsa dzanja langa pa handulo, n'kukwera njinga.

Musaganize kuti tinakumbatirana pomwepo, nyimbo n'kuyamba. Ayi. Loweruka lotsatira ndiwo zinabwera, koma anazisiya pa siteshoni kwa amake Chisomo. Pakhomo panga sanaponde. Juni yense, Julayi yense, bola kulibe, Tembo kulibe, mphepo yokhayokha. Ndinauza mkazi wanga zonse. Analira, anandikalipira, ndipo anali ndi chifukwa. Atatha, anandigwira dzanja n'kundibweretsa ku mpingo uno. Tinali tikupempherabe m'kalasi ya pa sukulu nthawi imeneyo. Ndinagwada pakati pa madesiki a ana, bambo wamkulu, ndikulira ngati wa giredi wani.

Ba Abusa amene analipo nthawi imeneyo anandiuza kuti mayina anali asanu ndi awiri, osati limodzi. Ndiye ndinayamba kuwafunafuna enawo. Awiri ndinapeza anamwalira, ndinakalankhula ndi akazi awo. Mmodzi anasamukira kutali. Mmodzi anandithamangitsa ndi mpini, ndipo sindimuimba mlandu. Awiri anandipatsa mpando. Zinali zowawa, koma chakudya chinayamba kutsika pakhosi. Aleluya!

Mu Ogasiti, sizoni yatsopano ili pafupi, Ba Mulenga anandiimitsa pa mseu. Anati madala a kuno apanga timu yosewera Loweruka pa bwalo la sukulu, ndipo asankha kochi. Ndinafunsa kuti ndani. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati, "Mbuya, bolopeni manje ili na Ba Tembo."

Ndinafuna kusapita. Amake Chisomo ananditulutsira nsapato zakale n'kuziika pakhomo. Ndinapita. Ndinaima kumbuyo kwa gulu, madala a mimba zawo atavala makabudula a ana awo. Tembo anatulutsa pepala m'thumba n'kuyamba kuwerenga. Abale, kuchokera tsiku la pa geti lija, listi iliyonse ndimaiopa. Anawerenga wa pagolo. Anawerenga a kumbuyo, a pakati, a kutsogolo. Khumi ndi mmodzi anakwana, ine mulibe. Ndinati basi, ndi chilungamo, ndipo ndinatembenuka kuti ndizipita.

Ndiye ndinamva, "Pa benchi: Ganizani Zulu."

Madala anayang'anana, akufunsana kuti Ganizani ndiye ndani. Ine ndinakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Ndinakhala pa benchi imeneyo gemu yonse, sanandilowetse ngakhale mphindi imodzi, ndipo sindinasangalalepo chonchija chibadwire.

Lero moyo wanga ndi uwu. Sindine kapitao. Ndimadzuka m'mawa, ndimakwera minibasi kupita ku Shimabala, ndimathirira dimba pamodzi ndi Tembo. Iye amadziwa nthaka, ine ndimanyamula repu ndi tomato kubwera nazo ku msika. Mwana wake uja analeka sukulu, ine ndi amake Chisomo tinamuthandiza kuphunzira zosoka, ndipo yunifomu ya kwaya mukuionayi anasoka ndi iye. Zaka zimene anataya sindingazibweze, ndimadziwa. Kunyumba nshima ilipo, ndipo ndimaidya ndi mtima umodzi. Bola ndimaonerabe, Ba Abusa, koma tikatuluka muno. Sizoni ikamatha makani amakhalapo monga kale, koma uloya ndinasiya. Akandifunsa za kochi, ndimati ngati analemba ndi iye, anene yekha kuti ndalemba ndine.

M'bale wanga, mlongo wanga, kapena nawenso uli ndi pepala lako limene umati linachokera kumwamba. Pita ukanene. Mwina mwini wake analiwerenga kalekale, akungodikira iwe.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanatope nane. Ndikuthokoza amake Chisomo. Ndipo ndikuthokoza mudala uyo wakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, amene akuyang'ana pansi ngati sakundidziwa. Ba Tembo, kwezani dzanja akuoneni. Mwaona, akukana. Ndi kochi wanga ameneyo. Mpaka lero sanandichotse pa benchi, koma Loweruka lililonse dzina langa amaliwerenga.

Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.