Madzi Obiriwira a ku Bundabunda

Omvera athu, tcherani khutu ku zilengezo za lero.

A Nelesi Zulu a ku Bundabunda akudziwitsa onse okhala m'mbali mwa mtsinje wa kwawoko kuti madzi abiriwira ngati ndulu ndipo akununkha chimbudzi. Ng'ombe zawo ziwiri zinamwa Lachitatu, mimba n'kutupa, Lachinayi zonse zinafa. Akuti musatunge, musamwetse ziweto, ana asasambe. Chilengezochi chachokera kwa a Nelesi Zulu.

A Matthias Zulu, amene mukugwira ntchito pa famu ku Kasisi, foni yanu sikupezeka. Akazi anu akukudziwitsani kuti mwana wanu Luyando, wa zaka zinayi, wagonekedwa kuchipatala ku Chongwe. Akutsegula m'mimba, maso alowa m'kati. Akatsitsimuka akumafunsa kuti, “Batate abwela liti?” Aliyense wowadziwa awafikitsire mawuwa. Chilengezochi chachokera kwa akazi awo, a Nelesi.

A Clement Mwanza, wapampando wa alimi a madimba, akuitana alimi onse kumsonkhano Loweruka m'mawa pabwalo la tchalitchi. Oyeza madzi apeza kuti zonyansa za m'zimbudzi ndi feteleza wokokoloka m'minda ya kumtunda zachuluka mumtsinje. N'zimene zameretsa ndere, mpweya n'kutha m'madzi. Amene mukuti nkhaniyi ibisike poopa kuti ndiwo zanu sizigulidwa, inunso mubwere mudzanenere pagulu. Chilengezochi chachokera kwa a Mwanza.

Chomaliza, a Nelesi Zulu akupepesa onse amene anagula nsomba kwa iwo Lachiwiri pamsika wa Chongwe. Nsombazo anazitola zikuyandama zakufa mumtsinje uja, akuyesa mwayi wawagwera. Ogula asanu awapeza kale, watsala mmodzi: mayi woyembekezera, wovala chitenje chachikasu, amene anatenga mulu womaliza n'kukwera minibasi ya ku Palabana. Dzina sakulidziwa. Mayiyo ananena kuti aziyanika, azidzadya pang'onopang'ono mpaka atachira.

Papepalapa a Nelesi alemba ndi dzanja lawo kuti: “Amai, nipempha, musadye. Zikwilileni pansi. Ngati mwadya kale, thamangilani kucipatala. Nili pa bedi ya mwana wanga, sinichokapo. Mukamvela, tumani munthu aniuze chabe kuti muli bwino.”

Chilengezochi chachokera kwa a Nelesi Zulu, ndipo apempha kuti tichiwerenge tsiku lililonse mpaka mayiyo atapezeka.