Maginito Pamwamba pa Mabotolo a Matope

Ine, Wallace Trengove, wa zaka 61, wa ku Meningie, woyendetsa boti komanso wotunga matope, ndikunena izi.

Kwa zaka zitatu ndakhala ndikutungira matope Dokotala Noelene Farrugia. M'Australia muno mulibe wodziwa thope kuposa ine. Ndikangolinunkhiza ndimakuuzani ndi tsiku limene linabadwa. M'matopemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso, tokhala ndi timaginito m'mimba tondandalikana ngati mikanda. Adokotala amatijambula ndi maikulosikopu yamagetsi, chimakina chachitali kundiposa, ndipo amene amachiyendetsa ndi Tavita Leota. Mabotolo a matopewo analipo khumi ndi anayi. Dziwe limene tinkatungamo linaphwa chaka chatha, pano pangotsala mchere wokhawokha.

Lachisanu cha m'ma 2 koloko masana ndinafika ku labotale, makilomita 150 kuchokera kwathu, kudzabweza nsapato za mphira. Ndinapeza awiriwo akukangana pakhonde. Adokotala amafuna makinawo Lachiwiri, Tavita amati tsikulo analembetsa kale anthu ena. Ndinamva Tavita akuti, "Tizilombo tanuto sitithawa, mayi. Tidikire." Adokotala anati, "Ngati mukudana nane, danani ndi ine, osati ntchito yanga." Anamenyetsa chitseko.

Tavita atandiona anati, "Madala, mwabweranso ndi fungo lanu lija?" Ine ndinati, "Fungo limeneli ndi limene limakudyetsa, mphwanga." Anaseka, nandiitana kukaona zithunzi. Pachitseko cha chipinda cha makinawo pali lamulo loti maginito asalowe. Ndinakhalamo mphindi makumi awiri. Ndinaona timikanda tija mbee, ndipo kachilombo kamodzi kanandizindikira kuti ndine ndinakatunga.

Cha m'ma 3 koloko, ndikutuluka, ndinaona Tavita akulowa m'chipinda cha mabotolo atanyamula chinthu cholemera chokulunga m'chiguduli.

Lolemba linali tchuthi. Lachiwiri 9 koloko m'mawa Adokotala anandiimbira foni, ndipo ndinafika 11 koloko. Pa shelefu ya pamwamba pa mabotolo, chikhatho chimodzi kuchokera pa zivundikiro, panali chimaginito chachikulu ngati chibakera. Adokotala anati tizilomboto timasambira kunsi, kumatope, kuthawa mpweya umene umatipha, koma maginitoyo inatikokera m'mwamba, kumadzi a mpweya, masiku anayi. Anatapa dontho m'botolo lililonse n'kuliyang'ana pagalasi. Panalibe chogwedezeka. Atamaliza la khumi ndi chinayi anakhala pansi pasimenti, nsapato imodzi itavuka.

Anati, "Wachita izi akudziwa mbali ya maginito yoyang'anitsa pansi. Bambo Trengove, Lachisanu munaona ndani?" Ndinawauza za chiguduli zija.

12 koloko Tavita analandidwa makiyi, n'kuuzidwa kuti ali ndi mlandu wowononga dala ntchito ya zaka zitatu. Anatenga mbale yake ya nkhomaliro asanaitsegule. Podutsa pamene ndinaima anati, "Madala, inunso?" Ine amene ndimalankhula mpaka mbalame kutsika m'mitengo, tsiku limenelo ndinayendetsa galimoto maola awiri wailesi ili chete.

Lero Lachinayi, 10 koloko m'mawa, inu bwana wapolisi mwaika maginitoyo patebulo, mwandifunsa ngati ndikuidziwa. Ili ndi kachingwe kabuluu kotsalira pabowo, ndipo mfundo yake palibenso wina amaimanga choncho m'nyanja zonse za kum'mwera.

Ndi yanga. Ndimavuulira masipanala akagwera m'madzi, ndipo tsiku lina inavuula injini yathunthu. Lachisanu lija inali m'thumba la jekete. Nditaona lamulo pachitseko ndinaitulutsa, chifukwa ine malamulo ndimasunga, n'kuisiya pa shelefu yoyamba imene ndinaona m'chipinda chapafupi. Mbali imene inayang'ana pansi sindinaisankhe, sindidziwa n'komwe kuti ili ndi mbali. Potuluka ndinaiiwala. Ndinaikumbuka Lachiwiri, nditaiona pamwamba pa mabotolo, Adokotala asanatape ngakhale dontho loyamba.

Za injini zija mukhoza kuzisiya, sizipweteka munthu. Koma mzere wa chiguduli uja muufufute, ndinapeka. Tavita sanalowe m'chipinda cha mabotolo. Anaima pakhonde ndi kapu ya tiyi, ndipo anandifunsa ngati nanenso ndimwa.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa.

Wosaina: W. Trengove