Mashimu Anga Anayi

Ine, Fackson Nampinga, wa zaka 54, wa m'mudzi mwa Mpenda, Mfumu Yaikulu Kapichi, boma la Thyolo, ndine fitala, woika ndi kukonza makina, pa fakitale ya tiyi ya pa esiteti yathu, ndipo ndagwirapo zaka 29. Ndabwera kuno chifukwa bwana injiniya, a Leonard Chikopa, andituma kuti ndidzachitire umboni pa mlandu wa Stewart Makhuva, folomani wathu, amene ali m'chitokosi muno kuyambira Lachisanu. Akuti anaba zitsulo za pansi pa makina atsopano, makinawo n'kuwonongeka. Ndiyambira pachiyambi, ndipo ndapempha kuti zilembedwe momwe ndikunenera, osakongoletsa.

Stewart ndimamudziwa bwino. Tinakulira m'malaini amodzi a pa esiteti, tinalowa thezo, chinamwali chathu cha Chilomwe, limodzi, ntchito tinayambanso mwezi umodzi. Kagwiridwe ka sipanala ndinamusonyeza ndine. Mu 2019 kampani inafuna munthu mmodzi woti akaphunzire za makina oziziritsa ku Blantyre. Anasankha iye, chifukwa ali ndi pepala la Fomu 4, pamene ine ndinalekeza Sitandade 8. Atabwerako anamupatsa ufolomani, njinga yamoto, ndi nyumba ya magetsi ya kuseri kwa ofesi. Ine ndinatsala ndi bokosi langa la zida. Sitinakanganepo. Moni ndimamupatsa tsiku lililonse.

Lachiwiri pa 12 Novembala, cha m'ma 10 koloko m'mawa, lole inabweretsa makina oziziritsa madzi, amene ife timangoti chila. Ntchito yake ndi kupereka madzi ozizira kuchipinda komwe tiyi wogayidwa amasinthira mtundu, chifukwa kukatentha tiyiyo amapsa. Chila chimenechi chimalemera matani anayi, m'litali ndi mamita asanu, ndipo chili ndi miyendo isanu ndi umodzi. Kireni inachitsitsira pa konkire yatsopano, mushedi ya waya yokhala ndi loko.

Makina otere safuna kupendekeka ngakhale pang'ono. Akapendekeka amanjenjemera, mapaipi n'kuthyoka. Ndiye pansi pa miyendo timasanjikapo tizitsulo topyapyala, timati mashimu, mpaka ngodya zonse zifanane. Pa wekishopu yathu pali mwambo umene sunalembedwe paliponse koma aliyense amaudziwa. Fitala amadula mashimu ake yekha, n'kuikapo chizindikiro chake, ndipo makina amatchedwa dzina la munthu amene mashimu ake ali pansi. Choumitsira tiyi chachiwiri mpaka lero timati cha a Ben, chonsecho a Ben anamwalira mu 2008. Anga ndi a mkuwa, ndipo iliyonse ili ndi timadontho titatu tokhoma ndi msomali.

Lachitatu tsiku lonse Stewart anali pa chila ndi levulo yake ya mabatire yoyezera kupendekeka, yolira ngati foni, yotalika ngati mkono. Ine anandiika kotsuka mabawuti. Ndinkamuona pa windo la wekishopu, mtunda wa mamita ngati 20. Akakweza uku, uko kwatsika. Akakweza uko, pakati palendewera. Sindibisa, bwana, mabawuti aja ndinkatsuka ndikuimba mluzu.

Lachinayi pa 14, cha m'ma 2 koloko masana, anabwera pa benchi yanga. Analankhula m'Chilomwe, motsitsa mawu, kuti a ku ofesi asamve. Anati, "Achimwene, chandikanika. Mawa kukubwera abwana. Tandithandizani." Ndinamusiya aime kaye kufikira nditamaliza bawuti yomwe inali m'manja. Kenako ndinatenga paipi yanga yoonekera mkati, ya mamita khumi, n'kuthiramo madzi osakaniza ndi tiyi kuti mzere uzioneka bwino. Madzi sanama. Ukagwira mbali imodzi pa ngodya iyi, ina pa ngodya yakutali, amakuuza okha pomwe patsika. Levulo yake ija inkangoona pomwe yagona basi.

Mphindi 40 zisanathe ndinapeza vuto. Konkire inatsetsereka cha kungalande, ndipo mwendo wa ngodya imeneyo unatsika ndi mamilimita 7. Mashimu omwe anabwera ndi makina anali atatha kale pa miyendo ina. Ndinatsegula bokosi langa n'kutulutsa anga anayi: ya mamilimita atatu, ya awiri, ndi awiri a milimita imodzi imodzi. Stewart anapopa jeke, ine ndinalowetsa. Titatsitsa, madzi anafanana ngodya zonse zinayi. Anaikaponso levulo yake, inalira kuvomereza. Anandigwira phewa n'kunena kuti, "Mwandichotsa manyazi." Pofika 5 koloko mapaipi a madzi anali atalumikizidwa, mabawuti atamangidwa.

Lachisanu pa 15, cha m'ma 11 koloko, kunabwera a manijala, a Chikopa, ndi anthu awiri ochokera ku kampani yomwe inagulitsa makinawo. Anayeza okha. Mmodzi anati sanaonepo chila choikidwa bwino chonchi m'maesiteti onse amene wayendamo. A manijala anagwira Stewart chanza, ndipo mawu awo ndikuwakumbukira bwino: "Kuyambira lero chimenechi ndi chila cha Stewart." Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaima mamita awiri kuchokera pamene iye anaima. Ndinadikira kuti atsegule pakamwa. Anangomwetulira n'kusaina pepala lovomereza kuti chila chakhala bwino.

Kenako anafuna kujambula chithunzi. A Chikopa anandikodola n'kunena kuti, "Madala, tasendererani uko, ovolosi yanuyo yada." Ndinasendera. Ovolosiyo inadera pansi pa chila chomwecho.

Nditaweruka ndinapeza mkazi wanga, Doris, atagwira foni. Chithunzi chija chinali chitafika kale pa gulu la amayi a pa esiteti, atachitumiza Vailet, mkazi wa Stewart. Doris anandifunsa kuti, "Nanga inu simunalipo?" Sanafunse monyoza, koma bola akanandinyoza. Chakudya sindinadye. Nsanje, bwana, lembani momwemo. Ndinali nayo kuyambira tsiku la njinga yamoto, koma tsiku limenelo inafika pakhosi.

Loweruka pa 16 ndinali pa ntchito mpaka masana. Stewart ndi wa Sabata, Loweruka amakapemphera ku Makwasa, sabwera ku fakitale ngakhale kutapsa moto. Kiyi wa shedi amasunga ndi iye, koma sapita naye kunyumba. Amamuika m'chitini chakale cha girizi, pa shelefu yapamwamba mu wekishopu. Kabisidwe kameneka tinakayamba tonse tili anyamata, ndipo malowo timawadziwa awiri basi.

Pano wapolisi amene akulemba wandiimitsa. Wandichenjeza kuti ndinabwera ngati mboni, kuti sindikukakamizidwa kupitiriza, ndiponso kuti zomwe ndinene zikhoza kudzandimanga ine ndemwe kukhothi. Ndamva. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndikupitiriza mwa kufuna kwanga.

Itakwana 12 koloko anzanga anapita kukadya. Ndinatenga kiyi m'chitini muja, jeke ya matani asanu, ndi sipanala ya 30. Ndinatsegula shedi, ndinamasula bawuti ya mwendo wa kungalande, ndinapopa jeke kasanu ndi kamodzi, ndinasolola mashimu anga anayi n'kuika m'thumba la ovolosi. Ndinatsitsa, n'kumanganso bawuti ija mwamphamvu mpaka mwendo unagunda konkire. Ndinamva chitsulo chikulira mkati. Ndinakhoma loko, kiyi n'kubweza pamalo pake. Zonse zinatenga mphindi 15. Palibe anandiona.

Mumtima ndinkati, ngati chila ndi cha Stewart, chiime pa mashimu a Stewart. Ndinkaganiza kuti Lolemba chikayamba kunjenjemera adzachizimitsa, adzandiitana pamaso pa abwana omwe aja, ine n'kubwera ndi paipi yanga. Zinthu zanga ndinatenga, sindinabe za munthu. Koma zomwe makina opendekeka amachita ndimazidziwa kuposa aliyense pa fakitale ija, choncho sindinganene kuti sindinkadziwa.

Lolemba pa 18, 8 koloko m'mawa, anachiyatsa. Chinanjenjemera, koma pang'ono, ndipo phokoso la fakitale linabisa. Ine ndinachimva. Ndikadutsa pa shedi ndinkamvera m'mapazi. Lolemba linadutsa, Lachiwiri linadutsa. Kawiri konse ndinafika pa khomo la ofesi ya Stewart, kawiri konse ndinapeza chithunzi chija atachimata pa khoma, ndinabwerera.

Lachitatu pa 20, nthawi ili 10:20 m'mawa, kunamveka kuphulika ngati tayala la lole. Paipi ya mkuwa ya mkati inathyoka, mpweya wonse woziziritsa unatuluka, kompulesa yopopa mpweyawo n'kupsa. Sanavulale munthu. Tsikulo kunatentha kwambiri, tiyi amene anali pa mzere anapsa, ndipo malole atatu a masamba a alimi ang'onoang'ono anabwezedwa pa geti. Masamba a m'munda mwathu, omwe Doris anathyola m'mawa womwewo, anali mu lole yachiwiri.

Lachinayi pa 21 anthu ogulitsa aja anabweranso. Atayeza anapeza ngodya ya kungalande yatsika ndi mamilimita 7. Atapopa jeke anapeza pansi pa mwendo palibe kanthu, koma pa konkire panali chidindo choonetsa kuti panagonapo mashimu. Anati kampani yawo sikonza zaulere makina oseweretsedwa. A Chikopa anafunsa Stewart kuti mashimu apita kuti. Iye anati, "Ndinasiya chili bwino." Anamufunsanso kuti wina amene ali ndi kiyi ndani. Anatembenuka, anandiyang'ana kamodzi, n'kuyankha kuti, "Kiyi amasunga ndine." Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Lachisanu pa 22, cha m'ma 9 koloko, galimoto ya polisi inamutenga pa geti la fakitale, anthu a shifiti ya m'mawa akuona. Masana omwewo a Chikopa anandiitana mu ofesi. Anandipatsa kiyi wa njinga yamoto n'kunena kuti ndigwirizire ufolomani, ndipo kuti mlandu ukatha nyumba ija ifunika munthu wolowamo. Anati Lolemba ndidzanene kupolisi kuti Stewart yekha ndiye ankalowa mushedi. Kiyiyo ndinalandira. Njinga ndinakwera mpaka kunyumba, ndipo ndinadzera dala msewu wa pamsika kuti anthu andione. Zimenezonso zilembedwe.

Lamlungu pa 24, cha m'ma 3 koloko masana, Vailet anabwera kwathu wapansi. Njinga ya mwamuna wake inali pakhonde langa. Anaiyang'ana. Anakhala pa mkeka ndi Doris n'kunena kuti, "Alamu, a ofesi atipatsa masiku 14 kuti tichoke m'nyumba. Inu ndi amene mukuwadziwa bambo akwathu. Mukawanenere zabwino." Ndinayankha kuti ndiyesetsa. Mashimu aja anali m'bokosi langa pansi pa bedi, chipinda chomwe iye anatsamira khoma lake.

Lero Lolemba pa 25 ndafika kuno 8 koloko. Podikira, ndinapempha kuti ndimuone kaye, ndipo anandilola mphindi zisanu. Ndinamupeza ataima pa zitsulo za chitseko, wopanda nsapato, wopanda lamba, buluku atagwira ndi dzanja. Ndinkayembekeza kuti anditukwane. Ndinali nditakonzeratu zomuyankha: za chithunzi, za chanza cha a manijala, za pakamwa pake pomwe sanatsegule. Iye anati, "Achimwene, akabweretsa kompulesa ina, musaiwale ngodya ya kungalande. Ndi seveni." Kenako anati, "Njinga ija giya yachiwiri imavuta, muzilowetsa mofatsa." Wapolisi wa pa kauntala wandiuza kuti masiku atatu onsewa amufunsa kuti mashimu osowawo anali a ndani, iye osatchula dzina.

Amadziwa. Jeke anapopa ndi iye, timadontho titatu anationa ndi maso ake, ndipo chitini cha girizi timachidziwa awiri.

Musalembe kuti ndamumvera chisoni, bwana, chifukwa si zimenezo zokha. Munthu ameneyu anandiposa pepala, ndinapirira. Anandiposa njinga, nyumba, chithunzi, ndinapirira momwe ndinapiririramo. Lero ali m'chitokosi, buluku ali m'manja, koma akundiposabe. Ndilowe m'nyumba mwake, ndizikwera njinga yake, tsiku ndi tsiku ndikudziwa kuti ndikukhala pa chifundo cha Stewart? Chimenecho ayi. Ndi bwino mundilowetse ine mmenemo.

Ndapereka kwa wapolisi amene akulemba zinthu izi: mashimu anayi a mkuwa, iliyonse ya timadontho titatu, amene akawaika pa chidindo cha pa konkire akakwanira ndendende, ndi kiyi mmodzi wa njinga yamoto, woti abwerere kwa mwini wake. Stewart Makhuva sanabe kanthu ndipo sanawononge kanthu. Loweruka lija anali ku tchalitchi. Pepala lomwe anasaina linali loona tsiku lomwe anasainalo, chifukwa chila chinali chitakhala bwino ngodya zonse zinayi.

Ndapempha chinthu chimodzi, kuti chilembedwe pa mzere wakewake, poti pepala ili likawerengedwa kukhothi ndipo a manijala akamva.

Amene anachikhazika bwino chila chija, Lachinayi pa 14 Novembala, ndi paipi ya madzi a tiyi, ndine.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi, ndipo palibe chomwe ndasiya. Andiwerengera, ndavomereza kuti ndi mawu anga.

Wosaina: Fackson Nampinga ______________________

Wolemba umboni: ______________________